Amplidyne ya pa benchi: momwe ntchito ikuyendera pa shopu yathu ku Salima

Epulo, kumapeto

Tikumanga jenereta yomwe ntchito yake si kuyatsa nyumba ayi, koma kukulitsa lamulo. Timagetsi tochepa ta batire tizilowa mbali imodzi, mbali inayo kuzituluka magetsi okwanira kuyendetsa mota kapena kudyetsa field (koyilo yopanga maginito) ya jenereta ina, ndipo otulukawo azitsatira tating'onoto pokwera ndi potsika. Makina otere dzina lake ndi amplidyne.

Andikankhira ku ntchitoyi ndi majenereta a dizilo omwe amabwera pano kuchokera ku zigayo, ku malo ogona alendo a ku Senga Bay ndi kwa alimi othirira mbewu. Ambiri amafika khadi la AVR litasinthidwa kale, vuto likadali pomwepo. Wosinthayo amadziwa kuti khadi ndilo limasunga voteji pa 230, koma mukamufunsa kuti kanthu kolowa m'thumba la malaya kamalamula bwanji chijenereta choyendetsa chigayo, amangoti ndi zamakono. Yankho lili mkati mwa chitsulo, momwe iye sasuzumiramo. Pa shafiti yomweyo pali kajenereta kena kakang'ono, exciter. Khadi limadyetsa exciter timagetsi tochepa, exciter imatikulitsa, timadutsa m'ma diode ozungulira limodzi ndi shafiti n'kukalowa mu field ya jenereta yaikulu, nayo n'kukulitsanso. Majenereta awiri otsatizana akugwira ntchito ya ampulifaya, basi. Ndikufuna achinyamata awiri omwe ali nane pa attachment, mnyamata ndi mtsikana, azione zimenezi chivundikiro chili chochotsa.

Zomwe zili m'manja pano: makina akale a DC a mapolo anayi a maginito ochokera kwa wogula zitsulo zakutha, olembedwa 220 V ndi 10 A, mota ya three phase ya 4 kW yozungulira ka 1,440 pa mphindi, mapule awiri ofanana ndi lamba, ndi chimango chomwe mnyamatayu wawotcherera.

Meyi

Makina a DC aja anabwera commutator, mphete ya tizigawo ta kopa yomwe mabulashi amakhudza, itada bii, mabulashi atadyeka mpaka pa waya, m'kati mavu atamangamo nyumba zawo zadothi. Makoyilo a field tinawayeza, ndi amoyo. Commutator tinakaipalitsa pang'ono pa lathe ya mnzathu, kenako kunali kukumba mica, chotchinga magetsi cha pakati pa tizigawo ta kopa, ndi kachidutswa ka lumo la hakiso lonoledwa kuti lipyapyale. Ntchito yotopetsa maso imeneyi, ndipo sifuna changu: mica ikatsala yotukuka, bulashi imadumpha ndipo moto umathetheka. Mabulashi atsopano tinawakhazika pokulunga sandipepa pa commutator, mchenga kuyang'ana kunja, n'kumazunguliza ndi dzanja mpaka nkhope ya bulashi itakhota molingana. Nsalu ya emery pano ndinailetsa, chifukwa fumbi lake limadutsitsa magetsi ndipo likalowa m'mipata ya commutator limalumikiza tizigawo.

Tisanasinthe kanthu, tinawayesa ngati jenereta wamba. Field tinaidyetsa padera kudzera mu rectifier yosandutsa AC kukhala DC ndi rheostat yokweza ndi kutsitsa karenti. Katundu woti adye magetsi anativuta kupeza, poti mababu akale a kawaya m'kati asowa m'magolosale. Tinamangirira ma element a hotipuleti pa njerwa, n'kusiyapo babu limodzi loti tiziliyang'ana. Field itadya 0.4 A pa 220 V, ndiye kuti 88 W, makina anatulutsa 2,200 W yake yonse. Kukulitsa ka 25.

Mtsikanayu anayang'ana mamita awiriwo nthawi yaitali, kenako anati, "Amisiri, nanga 2,000 W inayo yachokera kuti? Ifetu talowetsa 88 yokha." Ndinamuuza akole mita pa waya wa mota yoyendetsa ija, ine ndikukweza rheostat. Karenti ya mota inkakwera limodzi ndi dzanja langa, lamba n'kuyamba kulira. Mphamvu imachokera ku lamba. Field imangonena kuti ituluke yochuluka bwanji. Zili ngati kamwana koyendetsa ngolo: kachingwe kali m'manja mwake, koma zokoka matumba a chimanga ndi ng'ombe.

Sabata yomweyo tinalumikiza kamota kena ka DC ku jenereta, field yake tikuidyetsa mosasintha. Ukakweza rheostat, kamota kamathamanga. Ukatsitsa, kamayenda ngati kakuganiza. Ukatembenuza mawaya a field ya jenereta, kamaima n'kubwerera m'mbuyo, popanda kukhudza mawaya akuluakulu. Iyi ndiyo njira ya Ward Leonard, yomwe Harry Ward Leonard wa ku America, amene anagwirapo ntchito ndi Edison, anaitulukira mu 1891. Inayendetsa zikepe za m'nyumba zosanja, makina opsinja zitsulo ndi makina okokera anthu ndi miyala m'migodi kwa zaka zambiri.

Madala ena oyandikana nafe, omwe anapita ku Joni pa Theba ntchitoyo isanatsekedwe mu 1988, amakonda kukhala pa benchi la pakhomo masana. Atamva kamota kakusintha kaliridwe anadzuka n'kubwera pafupi. Akuti pa mgodi womwe ankagwira ntchito panali chinyumba chathunthu cha makina otere, pakati pake pali chigudumu chachitsulo cholemera chomwe chinkazungulira tsiku lonse. "Mwana wanga, woyendetsa keji ankangogwira kandodo kamodzi, anthu ife tili m'kati tikutsika pansi pa dziko." Chigudumucho ndi cha njira ya Ilgner: chimasunga mphamvu keji ikaima, n'kuipereka keji ikamanyamuka, kuti magetsi a mgodi wonse asagwedezeke.

Juni

Ka 25 sikokwanira. Chizindikiro chochokera ku kachipangizo koyeza liwiro kapena voteji sichifika ngakhale 1 W, pomwe field yathu ikufuna 88. Palinso vuto lachiwiri lomwe babu likuonetsa: ukakankha rheostat mwadzidzidzi, kuwala kumabwera mochedwa, chifukwa koyilo ya mapindi ambiri yokulungidwa pa chitsulo imakana kusintha karenti msanga.

Njira yachidule n'kusanjikiza: kajenereta kakang'ono kadyetse field ya yaikulu, 25 kuchulukitsa ndi 25. Makampani ena anapita njira ya kajenereta kapadera kokhala ndi makoyilo angapo a field, ina yodzidyetsa yokha: Westinghouse inkatcha kake Rototrol, Allis-Chalmers inkati Regulex. Amplidyne inachita mwanzeru ina, kuika masitepe onse awiri mu armature imodzi, gawo lozungulira la makina. Ndalemba pano momwe ndawafotokozera achinyamatawa pa bolodi, poti popanda kumvetsa ichi zotsatirazi zikhala ngati matsenga.

Tengani jenereta ya mapolo awiri. Koyilo yolamula ikhale yofooka, maginito ake ochepa, oloza tinene kuti kuchokera kumanzere kupita kumanja. Armature ikamazungulira m'menemo, pa mabulashi ake awiri pamabwera voteji yochepa kwambiri. Tsopano lumikizani mabulashi awiriwo ndi waya wonenepa, shoti yeniyeni, chinthu chomwe mmisiri aliyense anaphunzitsidwa kuti asachite. Poti njira ndi yaifupi, kavoteji kochepako kamakankha karenti yaikulu. Karentiyo ikamayenda m'mawaya a armature, armature yomweyo imasanduka maginito amphamvu, oloza mopingasa ndi oyamba aja, kuchokera pansi kupita m'mwamba. Mu jenereta wamba maginito a armature amenewa ndi mdani, timalimbana nawo chifukwa amapotoza field ndi kuthethetsa mabulashi. Pano ndiwo tikuwafuna. Armature ikuzungulirabe, ndiye ikudulanso maginito atsopanowa. Ikani mabulashi ena awiri pakati pa oyamba aja, ndipo pa iwo mupeza voteji yaikulu yopita kwa katundu. Sitepe yoyamba: koyilo yolamula kupita ku shoti. Yachiwiri: shoti kupita kwa katundu.

Nzeru ya mabulashi a shoti inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndi jenereta ya Rosenberg yowunikira m'sitima zapamtunda, yomwe inkapereka karenti yosasintha ngakhale sitima ithamange kapena ibwerere. Joseph Pestarini anaikulitsa n'kupanga metadyne, yomwe inayendetsa ena mwa masitima a pansi pa nthaka ku London kuyambira cha mu 1937. Amplidyne ndi ya Ernst Alexanderson, mbadwa ya ku Sweden yemwe ankagwira ntchito ku General Electric ku America, ndi anzake. Anaifotokoza poyera mu 1940. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inkatembenuza mizinga ya pa sitima zapamadzi, mfuti za ndege ya B-29 ndi mbale za radar. Nkhondo itatha inalowa m'mafakitale a zitsulo ndi a mapepala, komanso m'nyumba zopangira magetsi kukalamula ma exciter. Ya ku fakitale imatha kukulitsa mphamvu ka 10,000, kutanthauza kuti 1 W ikulamula 10 kW.

Ife ya ku fakitale tilibe, ndipo sindikuyembekeza kuipeza pa mulu wa zitsulo zakutha. Chomwe tili nacho ndi luso lokulunga. Amplidyne imafuna chitsulo mbali zonse ziwiri zomwe maginito akudutsa, ndiye mapolo ake awiri amakhala ogawidwa pakati, kuoneka ngati anayi. Makina athu ali kale ndi mapolo anayi ndi mikono inayi ya mabulashi yotalikirana mofanana. Tikakulunganso armature kuti ikhale ya mapolo awiri, n'kulumikiza mapolo oyandikana awiriawiri kuti akhale N, N, S, S, zonse zikhala m'malo mwake. Taganiza zopita njira imeneyo.

Julayi

Mwezi wonse wathera pa kukulunga. Tisanadule waya wakale tinajambula chilichonse: kuchuluka kwa mipata, mapindi a koyilo iliyonse, ndi tizigawo ta commutator tomwe miyendo yake inkatera. Koyilo yakale inkadumpha kota la armature. Yatsopano ikudumpha theka, mwendo umodzi uku, wina tsidya lenileni. Izi zikutanthauza kuti mitu ya makoyilo ndi yaitali ndipo ikupiringizana mozungulira shafiti, malo n'kuchepa. Tachepetsa mapindi ndipo tatsitsa zomwe tikuyembekeza: 110 V ndi 5 A. Chifukwa china chotsitsira n'chakuti waya yemweyo wa armature azinyamula makarenti awiri, ya shoti ndi ya katundu. M'makota awiri a armature zimaphatikizana, m'makota enawo zimachotserana, ndipo kutentha kumatsatira pomwe zaphatikizana.

Mtsikanayu ndiye wakulunga yambiri. Dzanja lake ndi lofatsa, ndipo salola koyilo kulowa mu mpata pepala lotchinga lisanakhale bwino. Mnyamatayu ndi wachangu, wabwino pa kuwotcha miyendo ya makoyilo ku commutator, koma ndimachita kumuimirira. Armature itatha tinaiika pa growler, chipangizo chofufuzira shoti m'makoyilo: lumo la hakiso silinanjenjemere pa mpata uliwonse, ndiye palibe koyilo yashoti.

Pa polo iliyonse takulungapo makoyilo anayi. Atatu ndi a waya wopyapyala: yolamula, yobweza uthenga, ndi ina yosungira mtsogolo. Yachinayi ndi ya waya wonenepa, mapindi ochepa, ndipo ntchito yake ioneka mwezi wamawa.

Vanishi wativutitsa chifukwa cha mwera. Mphepo imeneyi ikamawomba kuchokera kumwera fumbi limalowa paliponse, ndipo armature yonyowa vanishi imatola lonse. Tinaumitsira mu mgolo wotseka, element imodzi pansi, waya wake wa kopa titamanga kale ndi chingwe cholimba kumitu kuti asatukuke pozungulira. Kuseri kwa mapolo tinalowetsa timalata topyapyala kuti mpata wa pakati pa polo ndi armature uchepe. Mpata umenewu ndiwo umadya maginito, ndipo pa makina okulitsa kaŵiri umadya kaŵirinso.

Ogasiti

Kuyatsa koyamba tinachita koyilo yonenepa ija isanalumikizidwe, dala. Pa waya wa shoti tinaikapo mita ndi fyuzi. Popanda katundu, batire la galimoto litangokhudza koyilo yolamula kudzera mu resistor, singano inalumpha kupitirira 100 V. Mnyamatayu anaseka mokweza. Titalumikiza element imodzi, voteji inagwa pansi ngati yaponyedwa, kuseka n'kutha.

Palibe chinawonongeka. Karenti ya katundu nayo imayenda mu armature, nayo imapanga maginito ake, ndipo amenewo amaloza molunjika kutsutsana ndi koyilo yolamula. Koyiloyo ndi yofooka mwadala, ndiye karenti yochepa ya katundu imakwanira kuifafaniza. Makina amakhazikika pomwe ziwirizi zatsala pang'ono kulingana. Chotsatira chake n'chosangalatsa kuchiona: tinaika element yachiwiri motsatizana ndi yoyamba, karenti inakhala pafupifupi pomwepo, voteji ndiyo inakwera. Yachitatu, chimodzimodzi. Makina akukakamira karenti, osati voteji. Imeneyo ndiyo metadyne, ndipo n'chifukwa chake inkayenera pa mamota a sitima ponyamuka, pomwe chofunika ndi kukoka kosasintha.

Kuti ikhale amplidyne, koyilo yonenepa ija imalowa motsatizana ndi katundu, yolumikizidwa kuti maginito ake afafanize a karenti ya katundu mu armature. Ikatero koyilo yolamula imatsala yokha pa bwalo. Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, chifukwa muyeso wake ndi wopapatiza. Ikachepa, voteji imagwa katundu akabwera ndipo kukulitsa kumatsika. Ikapitirira, katundu amayamba kudyetsa makina maginito owonjezera, voteji n'kukwera, karenti n'kukwera, maginito n'kuwonjezekanso, makina n'kuthawa okha osamveranso batire. Ndinawaonetsa zimenezi kamodzi, dzanja lili pa switchi. Kulira kwa lamba kunasintha, ma element anafiira kuposa kale, fyuzi n'kuduka. Tinaikulunga yopitirira pang'ono, kenako pambali pake tinaikapo kawaya ka element kopatutsa gawo la karenti, kokhala ndi kachomangira kosuntha. Umasuntha pang'ono, kuyesa ndi katundu, kusunthanso. Taisiya yoperewera pang'ono. Bola kutaya kukulitsa kusiyana ndi makina othawa.

Pomwe tafika: 0.1 A pa 12 V, ndiye kuti 1.2 W, ikulamula 550 W. Kukulitsa kopitirira ka 450, pa makina omwe mu Meyi ankakulitsa ka 25. N'kutali ndi 10,000, ndipo zifukwa zake zikuoneka. Thupi la makina athu ndi chitsulo chathunthu, pomwe la ku fakitale ndi la timalata tosanjikiza. Koyilo yathu yofafaniza yaunjikana pa mapolo, pomwe ya ku fakitale imamwazidwa m'mipata ya pankhope pa polo kuti ifanane ndi armature malo aliwonse. Liwiro nalonso: poti masitepe onse awiri amadalira kuzungulira, kuwirikiza liwiro kawiri kumakweza voteji kanayi. Mnyamatayu wabwera kale ndi pule yaikulu m'manja. Ndakana. Mitu ya makoyilo yomangidwa ndi chingwe sindingaikhulupirire ikamazungulira ka 2,900 pa mphindi.

Seputembala

Zinthu ziwiri zazing'ono zakula chifukwa cha kukulitsa komweko.

Choyamba ndi maginito otsalira. Batire litachotsedwa, mita imaonetsabe voteji, ndipo mbali yake imadalira komwe tinalamula komaliza. Chitsulo chimakumbukira. Mu jenereta ya dizilo chikumbukiro chimenechi ndi bwenzi: ndicho chimayambitsa voteji yoyamba yomwe khadi la AVR limadzukira, ndipo jenereta yokhalitsa osagwira ntchito ikachitaya timachita kukhudza field ya exciter ndi batire kuti chibwerere. Mu amplidyne ndi chisokonezo, poti kotsalira kochepako kamakulitsidwa ngati lamulo. Mankhwala ake odziwika n'kudutsitsa timagetsi ta AC tochepa mu kakoyilo kapadera kuti tizigwedeza chitsulo uku ndi uku. Tinayesa ndi kathiransifoma ka wailesi yakale pa mapindi ochepa ozungulira thupi la makina, ndipo kotsalirako kanatsika kwambiri, ngakhale sikanathe.

Chachiwiri ndi mabulashi a shoti. Pomwe kaboni wakhudza kopa pamatayika pafupifupi 1 V pa bulashi iliyonse. Pa 220 V palibe amene amawerengera zimenezo. Mu dera la shoti, momwe voteji yonse ndi yowerengeka pa zala, n'zambiri, ndipo zimasintha ndi kutentha ndi ukhondo wa commutator. N'chifukwa chake makina amayankha mosiyana m'mawa ndi masana. Tikufuna mabulashi okhala ndi kopa m'kati a mikono iwiriyo; ndatuma wopita ku Lilongwe akayang'ane.

Kenako tinatseka mkombero. Koyilo yolamula ikudya karenti yokhazikika ya batire: ndiko kunena voteji yomwe tikufuna. Koyilo yachiwiri ikudya kuchokera ku zotuluka kudzera mu resistor, yolumikizidwa motsutsana: ndiko kunena voteji yomwe ilipo. Chitsulo cha polo chimamva kusiyana kwa ziwirizi basi. Palibe transistor, palibe chip. Kuchotsera kukuchitikira m'maginito. Katundu akabwera voteji n'kufuna kugwa, koyilo yachiwiri imafooka, kusiyana kumakula, makina n'kudzikweza okha. Tinkalumikiza ndi kuchotsa ma element, singano ikungogwedezeka pang'ono n'kubwerera pa 110. Mavuto awiri aja nawo anachepa, chifukwa chilichonse chokankha voteji, kaya ndi maginito otsalira kaya ndi bulashi yotentha, mkombero umachibweza. Mtengo wake ndi woti kukulitsa kwambiri kuja kwagulitsidwa kugula kukhazikika, ndipo batire tsopano likupereka karenti yochulukirapo.

Okutobala

Kutentha kwa Salima kwafika pachimake, ndipo pansi pa malata masana sitikuyatsa. Tikuyesa m'mamawa, magetsi akakhalapo.

Mwezi uno amplidyne yapatsidwa ntchito yomwe inamangidwira. Tili ndi jenereta yakale ya dizilo ya 5 kVA, ya mabulashi ndi ma slip ring (mphete za pa shafiti zomwe mabulashiwo amakhudza), yomwe mwini wake anaisiya kalekale. Field yake tsopano ikudyetsedwa ndi amplidyne, ndipo koyilo yobweza uthenga ikudya kuchokera ku 230 V ya jeneretayo kudzera mu kathiransifoma ndi rectifier. Titayatsa, babu linayamba kupuma: kuwala, kuzilala, kuwala, kuzilala, pang'onopang'ono moti umatha kuwerenga. Injini nayo inkayankha ndi mawu ake. Amisiri amati hunting, ndipo aliyense wokonza majenereta anaionapo.

Ndinawasiya achinyamatawa aganize okha. Mnyamatayu anati injini ndiyo ikudwala, governor yosunga liwiro lake yatha. Tinachotsa mkombero n'kudyetsa field mosasintha, injini inayenda bwinobwino. Mtsikanayu ndiye anati, "Kodi si kuchedwa kuja kwa mu Juni? Panotu kwachuluka." N'zoona. Pali kuchedwa kwa koyilo yolamula, kwa dera la shoti, ndi kwa field ya jenereta, komwe ndi kwakukulu kuposa kwina konse. Voteji ikatsika amplidyne imakankha, koma zotsatira zimafika mochedwa, ndiye imapitiriza kukankha. Zikamafika zapitirira kale, iyo n'kuyamba kubweza, n'kupitiriranso mbali inayo. Mkombero ukakhala wamphamvu, kugwedezeka kumakulanso.

Kufooketsa mkombero kunathetsa kupumako, koma voteji inayamba kugwa tikayatsa grinder. Njira yabwino ndi yomwe akale ankagwiritsa ntchito, ndipo koyilo yachitatu ija tinaisungira yomweyi. Thiransifoma imaikidwa pa zotuluka za amplidyne, mbali yake inayo n'kupita ku koyilo yachitatu. Pa DC yokhazikika thiransifoma siidutsitsa kanthu. Imalankhula pokhapokha voteji ikusintha, ndipo ikalumikizidwa moyenera imatsutsa kusinthako: amplidyne ikayamba kuthamangira m'mwamba, imaigwira malaya uthenga wa ku jenereta usanafike. Poti mbali yoyamba imanyamula DC, chitsulo chake chimakhuta msanga, ndiye tinamasula timalata take, ta E mbali imodzi, ta I mbali inayo, pakati n'kuikapo pepala, kuwonjezanso resistor. Ndi zimenezi grinder ikayaka babu limatsinzina kamodzi n'kukhazikika.

Ndinatenga khadi la AVR lakufa m'kabati n'kuwaonetsa timabatani tiwiri tozunguliza ndi sikuludiraiva, kolembedwa VOLTS ndi kolembedwa STAB. Koyamba ndi rheostat ya batire lathu. Kachiwiri ndi thiransifoma yathu ya pepala pakati. Makhadi ambiri ali ndi kachitatu koteteza injini ikatsika liwiro, ndipo kufunika kwake tinakuona pomwepo titatsitsa mafuta: liwiro likagwa voteji imagwa, mkombero umakankha karenti yochuluka mu field kuti ubweze, field n'kuyamba kutentha pomwe fani yoziziritsa nayo yafooka. Pa chigayo chomwe injini yake imagwada chimanga chikathiridwa chambiri, khadi kapena ma diode zimapsa motero, ndipo khadi latsopano likapsanso ngati injini sinakonzedwe.

Madala aja anandifunsa ngati tiyambe kugulitsa makinawa kwa eni zigayo. Ayi ndithu. Ali ndi mabulashi ofuna kusamalidwa, amasokosa, amadya magetsi ngakhale asakugwira ntchito, ndipo amafuna mota yawoyawo. Kuyambira pomwe General Electric inatulutsa thyristor, kachipangizo kolamula magetsi ambiri popanda chozungulira, mu 1957, makina otere anayamba kuchotsedwa m'mafakitale, ndipo panali chifukwa. Minda ya sola ya 60 MW yomwe inatsegulidwa kuno ku Salima mu 2021 ilibe chozungulira chopangira magetsi. Ma inverter ndiwo amasunga voteji. Koma majenereta a pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, akulamulidwabe kudzera mu karenti ya field, ndipo jenereta iliyonse ya dizilo yopanda mabulashi yomwe ilowe pa khomo lino ili ndi exciter m'mimba mwake.

Zotsala mvula isanayambe. Mabulashi a kopa sanapezeke, ndipo mkono umodzi wa shoti ukuthetheka katundu akafika pa 5 A; tiyesa kusuntha mphete ya mabulashi pang'ono tione ngati kuthethekako kutsike osataya kukulitsa. Lamba ndi ma slip ring zikufunika zotchinga ana a sukulu asanabwere kudzaona. Pa field ya jenereta pakufunika fyuzi ndi diode yopingasa, chifukwa koyilo yaikulu chotere ikadulidwa mwadzidzidzi imabweza voteji yoboola vanishi. Mtsikanayu wapempha kuti amange kajenereta koyeza liwiro kuchokera ku kamota ka maginito ka mu printer yakufa, kuti tibwerere ku kamota ka Ward Leonard ka mu Meyi n'kukasunga pa liwiro limodzi katundu akamasintha. Ndavomera, bola ayambe wawerengera yekha resistor ya koyilo yobweza uthenga asanagwire waya.